MIZU YA MAPIRI AMENE ANATHA

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, akafika ca ku Ntcheu amaona matanthwe a mizeremizere yoyera ndi yakuda, yopindikapindika monga nsaru yofinyidwa. Mizere imeneyo siinapangike pamtunda iai. Matanthwewa ndiwo mizu ya mapiri akuru amene anatha kalekale.

Zaka mamiliyoni 650 mpaka 500 zapitazo, zigawo zazikuru za dziko lapansi zinali kusendera pang'onopang'ono kufikira zinagundana ndi kupanga dziko limodzi lochedwa Gondwana. Pamene zinakomanapo nthaka inakwinyika, nikwera kukhala mtandadza wa mapiri wofanana ndi Himalaya. Mtandadzawo unayambira ku Mozambique, kupyola Malawi, Tanzania ndi Kenya kufikira Ethiopia, nukhudzanso kum'mawa kwa Zambia. Katswiri wa miyala Arthur Holmes ndiye anaucha Mozambique Belt m'colemba cace ca 1951.

Kunsi kwa mapiriwo, mamailosi 20 pansi pa nthaka, kutentha kunapitirira madigiri 700 a Celsius, ndipo kulemera kwa mapiri kunapanikiza miyala kolimba. Mmisiri woumba mbiya adziwa kuti dothi looca lisanduka cinthu cina ngakhale silisungunuka; momwemonso miyala. Matope a pansi pa nyanja anasanduka schist, mwala wonyezimira wosendeka m'mapepala. Pamene moto unakula koposa panaturuka gneiss, mwala wa mizere uja, popeza timiyala toyera ndi takuda tinapatukana ndi kundandalika mopingasa mphamvu imene inali kutikankha. Motero wodziwa kuwerenga mizereyo akhoza kunena kumene kukankhako kunacokera. Mwala wa njereza unasanduka marble, wonga uja anakumba zaka zambiri ku Changalume popanga simenti.

Mvula ndi mitsinje zinaperesa mapiriwo kufikira za kunsi zinaonekera poyera, pamodzi ndi cuma cimene cinaphikidwa komweko: ruby wa ku Chimwadzulu ndi ku Montepuez, ndi tanzanite amene anapezeka ku Tanzania mu 1967. Nthaka yofiira ya katondo imene alimi ambiri adalira inacokeranso m'kufumbutuka kwa miyala yomweyi.

Phiri la Mulanje lisanyenge munthu ndi msinkhu wace. Ilo ndi mwana wa dzulo: mwala wace unalowa uli wosungunuka pakati pa gneiss wakaleyo zaka ngati mamiliyoni 130 zokha zapitazo.