Msika wa pafoni ndi mmene umayendera

Kale mlimi wa ku Kabanana akafuna kugulitsa nkhuku kapena repu, ankalawirira ku msika wa Soweto. Lero ambiri amayamba ajambula chithunzi n'kuchiika pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la mpingo. Tiyenera kumvetsa mmene msika watsopanowu umayendera.

Facebook, imene inayamba mu 2004 ndipo inagula WhatsApp mu 2014, silemba yokha zimene timawerengapo. Zithunzi, mavidiyo ndi ndemanga timaikapo ndife, ndipo kampaniyo imapeza ndalama pogulitsa malo otsatsira malonda pakati pa zimene taikazo. Popeza imafuna kuti anthu akhalitsepo, uthenga umene ambiri akuuyankha umaonetsedwa kwa enanso, pamene wosayankhidwa umamira msanga.

Kwa ife alimi, izi zikutanthauza kuti mbiri yathu imalembedwa ndi ogula. Mayi amene walandira mazira abwino akayamikira m'gulu, mawu ake amaitana ogula ena. Amene tam'patsa nkhuku zowonda titamuonetsa zonenepa pachithunzi adzalembanso, ndipo zolembedwazo sizifufutika msanga.

Choncho timalangiza ophunzira athu kujambula katundu weniweni ndi kulemba mtengo, kulemera kwake ndi malo okatengera. Wogula akati walipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, tiyambe taona ngati ndalamazo zalowadi, pakuti mauthenga abodza alipo. Nambala za achinyengo tizikanena ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Sikelo yachilungamo imene timaphunzitsa pafamu pano ndiyo idzatisungire ogula pafoni.