Dzanja Likakana Khasu

Anzathu, m'kalasi timagwira pensulo, kumunda timagwira khasu. Zonsezi zimafuna zala zolimba.

Pali nthenda ya khungu yotchedwa psoriasis. Imabuka m'zigongono, m'maondo ndi m'mutu: zigamba zoyabwa za mamba oyera. Si khate ayi, ndipo sipatsirana. Wodwalayo tidye naye mbale imodzi.

Mwa odwala 10, mpaka 3 amadwalanso nyamakazi. Kawirikawiri limayamba ndi khungu, mafupa amatsatira patapita zaka. Chala chimatupa chonse, zikhadabo zimachita timaenje, chidendene chimawawa. M'mawa thupi limauma kupitirira mphindi 30, limamasuka munthu akayamba kuyendayenda.

Tisati tikolole kaye. Chala chikapindika sichiwongokanso, munda n'kusanduka tchire. Tipite kuchipatala msanga, tikaonetse khungu ndi zala zomwe. Mankhwala sachotseratu nthendayi, koma amachepetsa kutupa ndi kuteteza mafupa.

Tisateme mphini, chifukwa pochekedwapo pangabuke chigamba china. Fodya ndi kachasu zimakulitsa nthenda, tizisiye. Wodwala asangokhala, azilima pang'onopang'ono akupumula. Ndime yotsalayo tiilime pamodzi.