Tizilombo Todya Nthunzi ya Utoto

Aliyense amene analowapo m'fakitale yopaka utoto akulidziwa fungo lolasa m'mphuno lija. Imeneyo ndi nthunzi ya mankhwala osungunulira utoto, monga toluene. Imazunguza mutu wa wantchito, ndipo kuitentha kumadya mafuta ochuluka.

Cha m'ma 1980, akatswiri a ku Germany ndi ku Netherlands analimbikira njira ina. Mpweya woipawo amaunyowetsa, nkuupititsa m'thanki yodzaza manyowa ndi makungwa. M'menemo mumakhala mabakiteriya, monga Pseudomonas putida, amene amadya toluene nkuisandutsa madzi ndi carbon dioxide.

Komatu antchito osalandira malipirowa safuna kuwalekerera. Manyowa akangouma, ntchito imaima. Tsono mankhwala okhala ndi klorini, monga dichloromethane, amabala asidi wowapha. Pamenepo pamafunika thanki yamtundu wina, yothiridwa madzi mosalekeza kuti asidiyo azikokoloka.