KODI MALO ODZAKWERA MTENGO MAWA TINGAWADZIWE BWANJI?

Abale anga a pa migodi, ambiri a inu mulikusunga ndarama pang'ono pang'ono kuti tsiku lina mudzagule kanyumba kapena malo a sitolo. Funso limene ndimva kawiri kawiri ndi ili: "Kodi ndigule kuti?" Ine ndakalamba tsopano, ndipo ndinataya thukuta langa pa funso lomweli. Cifukwa cace ndifuna kukuuzani zimene maso anga anaona.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga. Ndinagwira nchito ku migodi ya golidi ya ku Free State. Mzinda wa Welkom unamangidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 cifukwa ca golidi yekha, ndipo m'masiku anga anthu onse anali kuutama. Tsono ndinagula kanyumba ka zipinda zinai ku Thabong, lokeshoni ya mzindawo, kuti anzanga azigonamo ndi kundilipira lendi. Poyamba zinandikomera. Koma mtengo wa golidi unatsika, kotero kuti m'caka ca 1999 unafika pafupi madola 250 pa aunsi. Migodi ina inatsekedwa, amuna ambiri anabwerera kwao, ndipo m'zipinda zanga munatsala akangaude. Ndinakagulitsa pa mtengo wocititsa manyazi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Nditasamukira ku Joni ndinayamba kupenyetsetsa, ndipo ndinaona kuti ngakhale mzinda waukuru sukhala malo amodzi. M'caka ca 1973 anatsiriza Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50 pakati peni peni pa Johannesburg. Caka comweco anatsegula masitolo a Sandton City kumpoto, kumene kale kunali minda ndi makola a akavalo. Ndani akadati kumindako kudzapambana pakati pa mzinda? Koma makampani anasamuka mmodzi mmodzi, ndipo m'caka ca 2000 msika waukuru wa masheya unacoka ku Diagonal Street kunka ku Sandton. Amene anagula kumpoto kusanachuke analemera.

Nanga zizindikilo zace nzotani? Ine ndaona zinai.

Coyamba, penyani kumene Boma lilikukumba. Njanji, mlatho ndi mipope ya madzi zimatsogola, mitengo ya nyumba nitsata pambuyo. Sitima ya Gautrain inayamba kuyenda pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege m'caka ca 2010, nifika ku Rosebank m'caka ca 2011. Pitani mukaone nyumba zazitali zimene zazinga siteshoni ya Rosebank. Nthawi yogula ndi pamene pali pfumbi ndi magalimoto a mcenga, osati pamene adula kale riboni.

Caciwiri, tsatani anyamata ndi atsikana a sukulu. Iwo alibe ndarama zambiri, koma afuna pogona, podyera ndi pometera caka ndi caka. Braamfontein ali pafupi ndi sukulu yaikuru ya Wits. Mlatho wa Nelson Mandela utatsegulidwa m'caka ca 2003, nyumba zambiri za maofesi zimene zinali zopanda anthu zinasanduka zogonamo ophunzira, ndipo masitolo anatsata.

Cacitatu, funsani ngati malowo ali ndi kanthu kokoka alendo. Mseu wa Vilakazi ku Orlando West, m'Soweto, unali ngati mseu wina uli wonse wa m'lokeshoni. Koma m'menemo muli nyumba imene anakhalamo Nelson Mandela ndi inanso ya Desmond Tutu. Alendo a maiko akutali anayamba kubwera, ndipo eni nyumba ena anasandutsa mabwalo ao malo odyera.

Cacinai ndico cacikuru, ndiponso ndico cimene ine sindinacidziwe ku Welkom: werengani zitsime zimene malowo amwako. Ngati ndarama zonse zicokera ku mgodi umodzi kapena kwa munthu mmodzi, cenjerani. Taonani Maboneng, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg. Kuyambira 2009 nyumba zakale zosungiramo katundu zinakonzedwa, mukalowa anthu ojambula zithunzi ndi ogulitsa khofi, ndipo manyuzipepala anatama malowo koposa. Koma nyumba zambiri zinali m'manja mwa kampani imodzi. Kampaniyo inagwa m'caka ca 2018, ndipo nyumba zace zina zinagulitsidwa pa okishoni. Malo okhala ndi sukulu, cipatala, msika ndi siteshoni sagwa tsiku limodzi, pakuti citsime cina cikauma cina citsala.

Palinso mau kwa inu amene simufuna kugula, koma mukhala m'nyumba za lendi. Zizindikilo zomwezi zikucenjezani. Mukaona nyumba za m'mseu wanu zilikupakidwa utoto ndi eni atsopano, dziwani kuti lendi idzakwera, ndipo waumphawi ndiye ayamba kucoka. Walira mvula walira matope. Yambani kufunafuna kwina nthawi ikalipo.

Tsono langizo langa ndi ili. Musagule malo cifukwa mnzanu wawatama pa mowa, pakuti mbiri ikafika ku hositelo mtengo wakwera kale. Pitani nokha katatu: m'mamawa, kuti muone ngati anthu alikunka ku nchito zosiyanasiyana, usiku, kuti muone ngati akazi ayenda opanda mantha, ndi tsiku la mvula, kuti muone kumene madzi aima. Ndipo musapereke ngakhale khobidi musanaone pepala la umwini lokhala ndi dzina la wogulitsayo, ndi kulionetsa kwa loya.

Ndarama za pa mgodi zituruka ndi mwazi, abale anga. Ine ndinaphunzira nditataya. Inu phunzirani pa ine, mwaulere.