Loko wa mu foni nayenso amakalamba

Wamalonda aliyense amene ali ndi okala amadziwa ubwino wa loko wolimba. Akamaweruka madzulo amakoka chitseko, kukhoma maloko awiri kapena atatu, n'kugwedeza kuti atsimikize. Komatu masiku ano mpamba wambiri sugonanso mu okala kapena m'kachikwama ka m'chiuno. Umagona mu foni.

Wogulitsa tomato ku Lilongwe amaoda katundu ku Jenda pa WhatsApp. Wa kachewere ku Limbe amalipira mlimi wa ku Tsangano kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba galimoto isananyamuke. Wopikula zovala amatumizirana zithunzi, mitengo ndi manambala a akaunti ndi anthu a ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Zambiri mwa izi zimayenda pa intaneti, msewu umene aliyense amadutsamo, akuba omwe.

Chimene chimateteza uthenga pa msewu umenewu ndi loko amene wogulitsa samuona ndi maso. Pa Chingerezi amati encryption. Foni imatenga uthenga, kaya ndi mawu, chithunzi kapena nambala yachinsinsi, n'kuusokoneza ndi masamu kuti wougwira panjira angoona zilembo zopanda mutu. Amene ali ndi kiyi woyenera yekha ndi amene amaubwezera mmene unalili. Loko ameneyu ndi wolimba ndithu, koma monga loko wa pa okala, amakalamba ndipo amafunika kusintha.

Kumene loko amachokera

Kalipentala akamakhoma chitseko sasula yekha loko. Amakagula ku hadiweya n'kudzalowetsa pa chitsekocho. Opanga mapulogalamu a mu foni amachitanso chimodzimodzi. Kulemba masamu obisira uthenga ndi ntchito yovuta imene kulakwitsa pang'ono kumaika anthu m'mavuto, choncho ambiri amatenga maloko opangidwa kale ndi akatswiri. Mulu wa zida zokonzedwa kale zoterezi amautcha library.

Library yodziwika kwambiri ndi OpenSSL, imene inayamba mu 1998. Ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kuwerenga mmene inalembedwera. Mkati mwake muli njira zingapo zobisira uthenga, kuphatikizapo AES, imene anaipanga akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linaivomereza mu 2001. Mabanki ndi maboma ambiri amaidalira mpaka lero.

Koma OpenSSL imabwera ngati chimanga chosagaya. Inalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, chimene munthu wophunzira akhoza kuwerenga koma foni singachimve. Wopanga pulogalamu amayamba waipititsa pa chida chimene chimasandutsa zolembedwazo kukhala malangizo amene foni imamva, monga mmene chigayo chimasandutsira chimanga kukhala ufa. Ntchito imeneyi ndi imene amati compile. Opanga mapulogalamu a Android amagwiritsa ntchito zida zotchedwa NDK zimene Google imapereka, pamene a iPhone amagwiritsa ntchito Xcode ya kampani ya Apple.

Kugayako sikuchitika kamodzi. Mafoni ali ndi ubongo wosiyanasiyana. Akale komanso ena otsika mtengo amayendera malangizo a 32-bit, pamene atsopano amayendera a 64-bit. Choncho library imodzimodziyo amaigaya padera pa mtundu uliwonse. Kuyambira mu Ogasiti 2019, Google inalamula kuti mapulogalamu atsopano olowa mu Play Store amene amanyamula zida zoterezi azikhalanso ndi mtundu wa 64-bit.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa wamalonda. Library ikagayidwa n'kulowetsedwa mu pulogalamu, imakhala mmenemo monga inalili tsiku limenelo. Akatswiri akapeza chibowo m'loko n'kuchitseka mawa lake, pulogalamu imene ili mu foni ya wogulitsa siisintha yokha. Mwini pulogalamu ayenera kutenga library yatsopano, kuigayanso, n'kutulutsa pulogalamu yokonzedwa. Kenako mwini foni ayenera kuilandira. Imeneyo ndi update imene ambiri amaikankhira kumbali poopa kutha kwa bandulo.

Mapulogalamu ena sanyamula loko wawowawo, amadalira amene anabwera ndi foni. Amenewa chitetezo chawo chimadalira update ya foni yeniyeniyo. Ndiye kuti zonse ziwiri, ya pulogalamu ndi ya foni, n'zofunika.

Zimene zinachitika mu 2014

Pa 7 Epulo 2014 dziko linadzidzimuka ndi nkhani ya chibowo chimene chinapezeka mu OpenSSL, chimene anachitcha Heartbleed. Anachitulukira Neel Mehta wa ku Google komanso kampani ya ku Finland ya Codenomicon. Chibowocho chinalowa mu mtundu wa 1.0.1 umene unatuluka mu Malichi 2012, kutanthauza kuti chitseko chinakhala chosakhoma bwino kwa zaka ziwiri.

Vuto lake linali losavuta kumva. Makompyuta awiri akalumikizana amafunsana kuti atsimikize kuti mnzawo akadalipo. Wina amatumiza mawu, kunena kutalika kwake, ndipo winayo amabweza mawu omwewo. OpenSSL sinkaonetsetsa ngati kutalika konenedwako kunali koona. Wakuba ankatha kutumiza mawu ochepa n'kunama kuti ndi aatali, ndipo kompyuta inkadzaza malo otsalawo ndi chilichonse chimene chinali m'chikumbumtima chake panthawiyo, manambala achinsinsi ndi makiyi omwe. Zili ngati wogulitsa amene kasitomala wamupatsa K500 n'kunena kuti wapereka K5,000, iye n'kubweza chenji osayang'ana ndalamayo.

Masamba a pa intaneti pafupifupi theka la miliyoni anali pa chiopsezo. Ku Canada, bungwe lotolera misonkho linalengeza kuti manambala a nzika pafupifupi 900 anabedwa kudzera pa chibowochi. Google inanenanso kuti mafoni a Android 4.1.1 anakhudzidwa.

OpenSSL yokonzedwa, ya 1.0.1g, inatuluka tsiku lomwelo. Koma aliyense amene anaigaya n'kuiika mu pulogalamu yake anayenera kuyambiranso ntchitoyo, ndipo ambiri anachedwa. Chaka chomwecho Google inayamba kusamala mtundu wakewake wa library imeneyi, wotchedwa BoringSSL, ndipo mu 2016 inayamba kukana mapulogalamu obwera ku Play Store atanyamula OpenSSL yakale.

Pulogalamu yopatsana pa msika

Pa misika yambiri pamakhala anyamata oika nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu mu foni. Enanso amangopatsana pa Bluetooth kapena Xender kuti apulumutse data. Pa nyimbo palibe vuto lalikulu, koma pa pulogalamu ya banki kapena yotumizira ndalama pali zoopsa ziwiri. Choyamba, pulogalamuyo ikhoza kukhala ya zaka zitatu zapitazo, yonyamula loko wakale. Chachiwiri, munthu wina akhoza kukhala ataitsegula n'kusinthamo zina asanaifalitse.

Chitsanzo chodziwika ndi GB WhatsApp ndi WhatsApp Plus. Ambiri amazikonda chifukwa zimaonetsa uthenga umene wina wafufuta komanso zili ndi mitundu yokongola. Komatu si za kampani ya WhatsApp. WhatsApp yeniyeni inamaliza kuika loko pa mauthenga onse mu Epulo 2016, pogwiritsa ntchito njira ya Signal, imene imachititsa kuti uthenga uwerengedwe ndi wotumiza ndi wolandira okha. Pa mitundu yosinthidwayo palibe amene angatsimikize zimene anaikamo, ndipo WhatsApp imachenjeza kuti ikhoza kutseka akaunti ya woigwiritsa ntchito. Kwa munthu amene makasitomala ake onse, ngongole zake ndi mitengo ya oodetsa zili pa nambala imodzi, kutsekeredwa kotere n'chimodzimodzi kupsa kwa benchi.

Zoyenera kuchita wamalonda

Pulogalamu iliyonse yokhudza ndalama ichokere ku Play Store kapena App Store, kapena pa tsamba lenileni la banki. Linki yobwera pa uthenga yonena kuti munthu aike pulogalamu yatsopano ya banki ndi yoikayikira, ngakhale itachokera kwa mnzake wa pa gulu.

Update isamadikire miyezi. Bandulo ya update iwerengedwe ngati chiphaso cha msika kapena ndalama ya mlonda, ndalama yotetezera geni. Amene ali pafupi ndi Wi-Fi akhoza kudikira tsiku limodzi kapena awiri, kuyambira ndi mapulogalamu a ndalama ndi WhatsApp. Foni ikamadandaula kuti yadzaza, ndi bwino kufufuta mavidiyo kusiyana ndi kusiya update.

Pogula foni yakale, wogula asamangoona batire ndi galasi. Alowe mu Settings, pa About phone, aone mtundu wa Android komanso deti la security update yomaliza. Kuyambira mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yochepera 5.0, ndipo malire otere amakwera zaka zikamapita. Foni yotchipa imene yatsala pang'ono kusiyidwa imadzadula patsogolo.

Magulu a banki mkhonde ndi eni mashopu amene amalemba ganyu wachinyamata kuti awapangire pulogalamu yosungira maina, ngongole ndi masheya ali ndi mafunso atatu oti afunse asanalipire. Kodi zosungidwa mu foni zikhala zobisika foniyo ikabedwa? Akugwiritsa ntchito library iti, ya chaka chiti? Nanga chibowo chikadzapezeka, adzaikonzanso ndani, pa mtengo wanji? Wopanga amene akudzitama kuti walemba yekha njira yake yobisira, m'malo motenga yoyesedwa kale ndi akatswiri ambiri, ndi wofunika kusamala naye.

Pomaliza, loko ali ndi malire ake. Amateteza uthenga uli panjira, koma sangaletse mwini wake kupereka kiyi. Munthu akaimba foni n'kunena kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, akufuna nambala yachinsinsi kapena manambala 6 amene WhatsApp yatumiza kumene, encryption ilibe chochita ngati mwini foni wawatchula. Chimodzimodzi uthenga wabodza wonena kuti ndalama zalowa: wogulitsa ayang'ane yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake, pa *211# kapena *444#, asanapereke katundu. Ndipo pa WhatsApp, kutsegula two-step verification mu Settings kumatenga mphindi zochepa chabe, koma kumaonjezera loko wachiwiri pa nambala imene geni yonse yatsamira.