Fizi ya maphunziro a patali m'mayunivesite a ku Malawi

Maphunziro a patali ndi njira yophunzirira imene wophunzira sakhala m'kalasi tsiku ndi tsiku, koma amawerenga ali kwawo pogwiritsa ntchito mabuku okonzedwa mwapadera, foni, kompyuta ndi intaneti. Ku Malawi njirayi imadziwika ndi chidule cha Chingerezi chakuti ODL kapena ODeL, ndipo akuluakulu ena amaitchulabe kuti maphunziro a m'makalata. Ambiri amaisankha chifukwa munthu sasiya ntchito, sachoka pabanja, ndiponso salipira malo ogona pa yunivesite chaka chonse. Komabe mtengo wake wakhala ukukwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu zina m'dziko muno, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo wophunzira amalipeza yekha.

Mbiri yake

Padziko lonse, University of London inayamba kupereka madigiri kwa anthu ophunzira ali kutali mu 1858. University of South Africa, yodziwika kuti UNISA, inayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946, ndipo Open University ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1969.

Ku Malawi, boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965 pofuna kuthandiza ana amene sanapeze malo ku sekondale. Sukuluyi ndiyo inadzakhala Malawi College of Distance Education, imene anthu amangoti MCDE. Malo ake ophunzirira anasandutsidwa masekondale oyendera a CDSS mu 1998. Pa maphunziro apamwamba, Domasi College of Education ku Zomba inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a sekondale mwa njira ya patali cha m'ma 2000, ndi thandizo la dziko la Canada. Pambuyo pake Mzuzu University inatsegula nthambi yake ya maphunziro a patali, ndipo inakhazikitsa malo othandizira ophunzira ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje.

Chimene chinakulitsa njirayi ndi kuchepa kwa malo. Dziko la Malawi lili ndi mayunivesite a boma asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuzu University. Chaka chilichonse ophunzira okhoza bwino mayeso a MSCE amachuluka kuposa malo amene mayunivesitewa angapereke. Mliri wa Covid-19, umene unachititsa kuti sukulu zonse zitsekedwe mu Malichi 2020, unafulumizitsanso mayunivesite ambiri kuyamba kuphunzitsa pa intaneti.

Ku Lilongwe

Mzinda wa Lilongwe uli ndi anthu ambiri ofuna maphunziro otere chifukwa ndi likulu la boma. Ogwira ntchito ku Capital Hill, m'mabanki ndi m'mabungwe a ku City Centre, aphunzitsi, anamwino ndi ochita malonda ku Old Town amafuna digiri kuti akwezedwe pantchito, koma sangathe kusiya malipiro awo kwa zaka zinayi.

Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, kapena kuti LUANAR, imene inayamba ntchito mu 2012 kuchokera ku Bunda College, imaphunzitsa maphunziro ena a ulimi mwa njira ya patali ndipo ili ndi kampasi mumzindamu. Unicaf University, yomwe si ya boma, ili ku Area 4 ndipo imaphunzitsa kwambiri pa intaneti. Mu Lilongwe momwemo muli maofesi a mabungwe awiri okhudza wophunzira aliyense: National Council for Higher Education, lomwe limavomereza mayunivesite, ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe limapereka ngongole za maphunziro.

Kukwera kwa fizi

Fizi ya yunivesite ya boma imakhazikitsidwa ndi khonsolo ya yunivesiteyo. Mu 2016 University of Malawi inakweza fizi ya ophunzira osankhidwa kuchokera ku sekondale kufika pa K400,000 pachaka, kuchoka pa K275,000. Ophunzira anachita zionetsero, Chancellor College inatsekedwa kwa kanthawi, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachotserako K50,000. Mu 2023 mayunivesite ambiri a boma anakweza fizi ya ophunzira omwewa kufika pa K650,000 pachaka.

Ndalama zimenezi ndi za ophunzira olowa m'kalasi, amene boma limawalipirira gawo lalikulu la mtengo weniweni wa maphunziro awo. Fizi ya ophunzira a patali imakhazikitsidwa payokha, ndipo imasiyana malinga ndi yunivesite komanso phunziro. Koma zimene zimakweza fizi ya gulu limodzi zimakwezanso ya linzake.

Choyamba ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America inafika pafupifupi K1,700 kuchoka pa pafupifupi K1,180. Mapepala, inki, makompyuta ndi ziphaso zogwiritsira ntchito mabuku a pa intaneti zimagulidwa kunja, choncho mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Ophunzira olembetsa ku mayunivesite akunja ndiwo amavutika koposa, chifukwa fizi yawo imawerengedwa m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi. Mwachitsanzo, fizi ya madola 1,000 inali pafupifupi K1,180,000 kwacha isanagwe mu Novembala 2023, koma itagwa inafika pafupifupi K1,700,000 ngakhale yunivesite sinasinthe kalikonse. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumachedwetsanso kulipira.

Chachiwiri ndi chakuti ndalama zimene boma limapereka ku mayunivesite sizikwanira pa zonse zofunika, motero mayunivesite amadalira maphunziro a patali, a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata kuti apeze ndalama zoonjezera.

Ndalama zina kupatula fizi

Wophunzira wa patali amalipira zinthu zingapo zimene sizioneka pa kalata yomuitana. Mayunivesite ambiri amafuna kuti ophunzira abwere kudzakumana ndi aphunzitsi kumayambiriro kwa semesita, ndiponso kudzalemba mayeso kumapeto kwake. Pa masabata amenewo pamafunika ndalama yoyendera, ya malo ogona ndi ya chakudya. Pamafunikanso laputopu kapena foni yamakono, mabandulo a intaneti mwezi ndi mwezi, ndi ndalama yosindikizira zolemba. Kuzimazima kwa magetsi kumakakamiza ena kugula sola kapena batire. Ndalama yolembetsera, ya mayeso obwereza ndi ya kafukufuku wa chaka chomaliza nthawi zambiri imalipidwa padera.

Mayunivesite ambiri salola wophunzira amene ali ndi ngongole ya fizi kulemba mayeso kapena kuona zotsatira zake. Choncho amene wasowa ndalama pakati pa chaka amaimitsa maphunziro, ndipo pobwerera angapeze kuti fizi yakwera kale.

Njira zopezera ndalama

Ngongole ya boma. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Limabwereketsa ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka, a boma ndi omwe si a boma, ndalama ya fizi, ya mabuku ndi yodzisamalira. Chaka chilichonse bungweli limalengeza nthawi yofunsira ndi magulu a ophunzira oyenera kufunsira, ndipo ofunsira amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo. Ngongoleyi imabwezedwa munthu akamaliza maphunziro, ndipo lamulo limafuna olemba ntchito kuti azidula ndalamayo pa malipiro a wobwereka. Zobwezedwazo ndi zimene zimathandiza ophunzira otsatira.

Kulipira pang'onopang'ono. Mayunivesite ambiri amalola kugawa fizi m'magawo, malinga yonse ithe mayeso asanayambe. Ena amalipiritsa phunziro lililonse palokha, zomwe zimathandiza munthu kutenga maphunziro ochepa pamene ndalama zachepa, ngakhale kuti digiri imatenga zaka zambiri.

Thandizo la kuntchito. Makampani, mabungwe ndi nthambi zina za boma zimalipirira antchito awo kapena kuwabwereketsa ndalama. Kawirikawiri wantchito amasaina pangano lakuti adzagwirabe ntchito pamalopo kwa zaka zingapo akamaliza, apo ayi adzabweza ndalamazo.

Ngongole za kubanki ndi za m'magulu. Mabanki amabwereketsa anthu olandira malipiro a pamwezi, koma chiwongoladzanja chake ndi chachikulu: mu 2024 mlingo umene Reserve Bank of Malawi imakhazikitsa unafika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za anthu wamba zimadutsa pamenepo. Ambiri amadalira ma SACCO, banki m'khonde ndi chipereganyu, pokonza kuti alandire ndalama mwezi wolipira fizi. Katapila ndiye wowopsa kwambiri, chifukwa chiwongoladzanja chake chimachuluka msanga kuposa malipiro a munthu.

Thandizo losabweza. Commonwealth Scholarship Commission ya ku Britain imalipirira fizi anthu a m'maiko ena a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, kuti aphunzire digiri ya masters ku mayunivesite a ku Britain ali kwawo. Mpikisano wake ndi waukulu. Mayunivesite ena omwe si a boma, monga Unicaf, amachotserako gawo la fizi. Thandizo lotere silichotsa ndalama yonse, ndipo yotsalayo wophunzira amalipira yekha mpaka kumaliza.

Kuvomerezeka kwa sukulu

National Council for Higher Education inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo imalembetsa mayunivesite ndi kuvomereza maphunziro awo. Kuvomerezaku kumachitika pa phunziro lililonse, choncho yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene phunziro lina lake silinavomerezedwe. Bungweli limafalitsa mndandanda wa mayunivesite ndi maphunziro ovomerezeka. Nkhaniyi imakhudza kwambiri maphunziro a pa intaneti, kumene sukulu zina zakunja zimatsatsa madigiri otsika mtengo popanda chilolezo cha kwawo komwe. Digiri yosavomerezeka ikhoza kukanidwa pofunsira ntchito m'boma kapena popitiriza maphunziro, ndipo ndalama zimene munthu analipira kwa zaka zonsezo sizibwezedwa.