Chitenje chikubadwira pa kompyuta, ogulitsa nsalu asamale popikula

Wogulitsa zitenje aliyense mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amalidziwa vutoli. Maluwa omwe amayi akulimbirana mwezi uno, pakangotha miyezi iwiri amatsala pa benchi n'kumadya fumbi. Gwero la vutoli lili kutali ndi benchiyo, m'mafakitale a ku China omwe amapanga nsalu zambiri zofika kuno kudzera ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam.

Mwa njira yakale, yomwe ikugwirabe ntchito m'mafakitale ambiri, mtundu uliwonse wa utoto umafuna chidindo chakechake, chachitsulo chooneka ngati mpope. Chitenje cha mitundu isanu chimafuna zidindo zisanu, ndipo kuzikonza kumadya ndalama ndi masiku. N'chifukwa chake fakitale imakana oda yaing'ono. Ikakonza zidindozo imayenera kudinda nsalu yochuluka kuti ibweze ndalama zake, ndipo maluwa amodzimodziwo amakhalitsa pamsika.

Makina atsopano safuna chidindo. Amagwira ntchito ngati printa ya mu ofesi, kungoti ndi aakulu: chithunzi chimachoka pa kompyuta, makina n'kupopera utoto pansalu. Kusintha maluwa n'kungosintha chithunzicho basi. Pa oda yaikulu njira yakale imatchipabe pa mita imodzi, koma pa oda yaing'ono makina a kompyuta alibe mnzake. Ngakhale mafakitale odinda mwachikale amajambula maluwa awo pa kompyuta masiku ano, motero mtundu watsopano sutenga nthawi kuti utuluke.

Kampani ya zovala ya Shein, yomwe imasoketsa katundu wake m'mafakitale ang'onoang'ono ambirimbiri a ku Guangzhou, yalemera ndi nzeru imeneyi. Imayamba ndi zovala 100 kapena 200 zokha za mtundu watsopano, kuziika pa intaneti, n'kuona ngati anthu akugula. Zikayenda imaitanitsa zina msangamsanga, zikakanika imazisiya pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti kampani ya ndalama zankhaninkhani ikuopa kuunjika katundu, pomwe venda wa mpamba wochepa amathira ndalama zake zonse pa maluwa amodzi poti kwa opikulitsa amuchotserako pang'ono.

Kuchotserako kumeneko n'kokoma tsiku logula lokha. Chichokereni mu November 2023 pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama yogona m'katundu wosayenda imapweteka kawiri: maluwa akutha fasho, kwinaku mtengo wopikulira katundu watsopano ukukwera. Wopikula mitundu khumi pang'onopang'ono ali pabwino kuposa wopikula mitundu iwiri yodzadza chikwama. Foni nayo ingagwire ntchito yomwe Shein imagwira ndi makompyuta ake. Wogulitsa akatumiziridwa zithunzi ndi wopikulitsa, aziike kaye pa WhatsApp kuti makasitomala ake asankhe iye asanatulutse khobidi. Kakope kolembamo maluwa omwe atha msanga, ndi tsiku lomwe athera, n'kothandiza kuposa kudalira mutu.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yoti kubera maluwa kwaphweka. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, yomwe idayamba mu 1846, yakhala ikulimbana ndi okopera nsalu zake kwa zaka zambiri, ndipo lero chithunzi chabwino chimodzi n'chokwanira kuti wina ayambe kudinda zofanana nazo. Dzina lolembedwa m'mphepete mwa nsalu nalonso limakopedwa, choncho si umboni. Wopikula atembenuze nsaluyo. Wakisi weniweni amaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, pomwe yodinda pamwamba imakhala yotuwa kunsi kwake. Angathenso kusolola kaulusi n'kukayatsa: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, poliyesita imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Nsalu yotchipa ili ndi ogula ake ndipo palibe cholakwa kuigulitsa, bola pa mtengo wake komanso ndi dzina lake lenileni. Mayi yemwe wagula poliyesita pa mtengo wa wakisi sabweranso, ndipo amauza anzake onse a kumpingo.

Mwayi uliponso. Zitenje za mipingo, zipani ndi mabungwe, zomwe fakitale ngati Mapeto David Whitehead ku Blantyre imadziwika nazo, n'za magulu aakulu otha kuitanitsa nsalu yambiri. Kwaya ya anthu makumi atatu, banki m'khonde kapena banja lokonza chinkhoswe ankangosankha zomwe zili pamsika. Makina osafuna chidindo akutsegula msika wa magulu ang'onoang'ono oterewa, ndipo wogulitsa nsalu yemwe amagwirizana ndi telala ndiye ali pafupi nawo kuposa wina aliyense. Asanalandire ndalama za gulu, afunse wodindayo ngati makina ake amadinda pa thonje kapena pa poliyesita yokha, kenaka apemphe kachidutswa koyesera, akachape kawiri ndi sopo, aone ngati utoto sukusuluka.